Mbereko ya M'galimoto

Mwa zipangizo zonse zolerera mwana zimene makolo akale adasiyira mbadwo uno, palibe choposa mbereko. Kale inkakhala ya chikopa cha mbuzi chofufutidwa bwino, lero ndi chitenje, koma ntchito yake sidasinthe. Mayi amawerama, nagoneka khanda pamsana, nalifunditsa nsalu kuyambira m'matako mpaka m'khosi, kenaka namanga mfundo yolimba pachifuwa. Akatero amatha kusinja, kupalira, ngakhale kulumpha ngalande atasenza mtsuko, mwana ali m'tulo tofa nato. Palibe mayi wanzeru amene amatsikira kudambo atangofungata khanda m'manja. Iye amadziwa kuti manja amatopa, ndiponso kuti munthu akapunthwa manjawo amathamangira kutchinjiriza nkhope asadafunse mwini wake.

Chodabwitsa nchakuti nzeru imeneyi imathera pachitseko cha galimoto. Mayi yemwe uja akafika pagalimoto amamasula chitenje, natsitsa mwana kumsana, namukhazika pamiyendo, mtima wake nkukhala m'malo. Matumba a makala amamangidwa ndi zingwe, njinga imene yakwezedwa pamwamba imamangidwa, dalaivala naye amakumbukira lamba wake akaona apolisi patsogolo. Mwana yekha, amene ali wanthete ndi wamtengo wapatali kuposa katundu yense, ndiye amayenda ulendo wa liwiro lotere popanda chomugwira china koma manja.

Nkhani ya manja ndi malamba idautsapo mkangano m'banja lina la mumzinda wa Lilongwe. Mwamuna ndi mkazi wake, onse apantchito, adasunga ndalama kwa zaka zingapo nagula kagalimoto kogwirapo kale ntchito kochokera ku Japan, monga achitira ambiri masiku ano. Atabadwa mwana wawo woyamba adagulanso mpando wa mwana, uja wooneka ngati chigoba cha kamba, naumangirira kumpando wakumbuyo. Mwanayo ali ndi miyezi khumi, agogo ake akuchikazi adabwera kuchokera ku Balaka kudzacheza, ndipo tsiku lobwerera litakwana banjalo lidaganiza zowaperekeza pagalimoto mpaka kumudzi.

Agogowo adaonerera mwana wawo akulowetsa mdzukulu m'chigoba muja, namudutsitsa malamba m'mapewa ndi pakati pa miyendo. Mwana adayamba kulira.

"Kodi mdzukulu wangayu walakwanji kuti uzimumanga ngati mbuzi yopita kumsika?" adafunsa agogo.

"Sadalakwe kanthu, amayi. Umu ndi mmene ana amayendera m'galimoto."

"Nanga wafulatiriranji kumene tikupita? Munthu wamoyo nkuyenda chafutambuyo?"

"Akakhala chotere khosi lake limatetezeka, amayi."

"Iwe, ine ndidabereka ana asanu ndi awiri. Nonsenu ndidayenda nanu pabasi ndi palole muli m'manja mwangamu, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene adagwa. Bwera naye kuno mwanayo. Sukumva mmene akulirira?"

Mkamwini, amene adali pachiwongolero, adangoti duu, maso kumsewu, pakuti si mwambo kutsutsana ndi apongozi. Mkazi wake ndiye adalimba mtima. Adapepesa mwaulemu, koma lamba sadamasule. Mwana adalira mpaka pa Nathenje, agogo akung'ung'udza, kenaka adagona.

Pa Lizulu adaima kuti agule ndiwo zamasamba. Agogo adasankha makabichi atatu akuluakulu, nawaika m'thumba, ndipo posafuna kuti aphwanyike ndi katundu wina kumbuyo, adalifungata thumbalo pamiyendo. Atangoyenda pang'ono, galimoto isadatenge nkomwe liwiro lenileni, mbuzi idadumphira mumsewu. Mkamwini adaponda mabuleki mwamphamvu. Galimoto sidagunde kanthu, mbuzi idathawa, koma thumba lija lidawapulumuka agogo m'manja nkukamenya kumsana kwa mpando wakutsogolo, makabichi nkumwazikira pansi. Mwana adangotsegula maso, nayang'ana uku ndi uku, nagonanso. Agogo adatola makabichi awo mwakachetechete. Patapita kanthawi adati kwa mwana wawo, "Uwauze bambo ake a mwanayu achepetseko liwiro." Za mpando sadanenenso kanthu, kuuyamikira kapena kuunyoza, mpaka kukafika ku Balaka.

Agogowa sadali munthu woperewera nzeru, ndipo zimene adanena zidali zoona: ana awo onse adakula osagwapo m'manja. Koma umboni wawo udali wa maulendo amene panjira sipadachitike kanthu. Manja a mayi amakwanira pa maulendo onse kupatula umodzi, ndipo ulendo umodziwo sudziwika m'mawa ponyamuka, paja tsoka silinunkha.

Chimene chidachitikira makabichi aja ndi chimene ophunzira amakumana nacho m'phunziro la sayansi. Isaac Newton adafotokoza m'chaka cha 1687 kuti chinthu chimene chili paulendo chimapitirirabe ulendo wakewo pokhapokha china chitachiimitsa. Galimoto ikamathamanga makilomita 50 pa ola, zonse zimene zili m'kati mwake, anthu ndi katundu yemwe, zimathamanganso pa liwiro lomwelo ngakhale zikuoneka ngati zangokhala. Galimotoyo ikawomba mtengo kapena galimoto inzake imaima m'kanthawi kochepa ngati kuphethira kwa diso, koma anthu aja saima nayo. Amapitirira kutsogolo kufikira atakumana ndi chowaimitsa, kaya ndi lamba, kaya ndi galasi, kaya ndi phula la mumsewu. Kuwomba chinthu pa liwiro limeneli nchimodzimodzi kugwa kuchokera pansonga ya mtengo wotalika mamita 10. Chikhalirecho liwiro la makilomita 50 pa ola ndi la m'tauni, lija madalaivala ambiri amaliyesa kukwawa.

Pa kanthawi kameneka mwana wolemera makilogalamu 10 akhoza kukoka manja a womufungata ndi mphamvu yofanana ndi katundu wa makilogalamu 200 kapena 300, ndiye kuti matumba a chimanga anayi mpaka asanu ndi limodzi oponyedwa nthawi imodzi. Palibe mayi, palibe bambo, ngakhale mnyamata wozolowera kusenza matumba kumsika, amene angagwire katundu wotere, makamaka pamene sadachenjezedwe. Choopsa china nchakuti wamkulu amene sadamange lamba amauluka pamodzi ndi mwanayo nakamupanikiza kutsogolo ndi thupi lake lonse. Ena amayesa kuti achenjera pozunguliza lamba mmodzi pa iwo eni ndi pa mwana yemwe. Kumeneku ndiko kuika mwana pakati pa mtondo ndi munsi, pakuti lamba amamugwira kutsogolo pamene thupi la wamkulu likumusindikiza kumbuyo.

Funso lachiwiri la agogo aja, loti mwana wafulatiriranji kumene akupita, yankho lake lili m'kapangidwe ka thupi la khanda. Mutu wa khanda ndi waukulu kwambiri poyerekeza ndi thupi lake. Umatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwake konse, pamene mutu wa munthu wamkulu sufika ngakhale gawo limodzi mwa magawo khumi. Mutu wolemerawu udakhala pa khosi lanthete limene mafupa ake sadakhwime. Amayi onse amazidziwa zimenezi, nchifukwa chake posambitsa khanda dzanja limodzi silichoka kunkhongo. Tsono mwana wotere akamangidwa atayang'ana kutsogolo, pangozi malamba amagwira chifuwa koma mutu umaponyedwa patsogolo, khosi nkutamuka. Mafupa anthete amalola kutamuka, koma chingwe cha mitsempha chimene chimadutsa m'kati mwa msana sichitamuka motero. Chikaduka, mwana amafa kapena kupuwala moyo wake wonse.

Amene adapeza njira yopewera zimenezi adali dokotala wa ku Sweden, Bertil Aldman. Iye adaona pa wailesi yakanema mmene anthu opita mumlengalenga ankagonera chagada m'chombo chawo ponyamuka, kuti mphamvu yoopsa ya chombocho igwere pamsana ponse osati pa chiwalo chimodzi. Adalingalira kuti popeza ngozi zambiri zoopsa zimachokera kutsogolo kwa galimoto, mwana atakhala chofulatira mphamvu ya ngoziyo ingamukankhire m'chigoba cha mpando, mutu, khosi ndi msana nkuyendera pamodzi. M'chaka cha 1964 adayesa mpando woyamba wa mtundu umenewu m'galimoto ya Volvo. Mipando ya ana idalipo kale chiyambire zaka za m'ma 1930, koma ntchito yake idali yongokweza mwana kuti aziona kunja ndi kuti asasokoneze woyendetsa; za ngozi sizidaganiziridwe. Nzeru ya Aldman, munthu akaiyang'anitsitsa, si yachilendo kwa mayi wa ku Balaka. Ndi nzeru ya chitenje chija chimene chimakuta mwana kuyambira m'matako mpaka m'khosi kuti pasapezeke chiwalo cholendewera pachokha.

Ku Sweden ana ambiri amayenda chofulatira mpaka pamene afika zaka zinayi kapena kuyandikira pamenepo. Malamulo a kapangidwe ka mipando amene adayamba kugwira ntchito ku Ulaya m'chaka cha 2013 salola kuti mwana ayang'ane kutsogolo asadakwanitse miyezi 15. Makolo ena amada nkhawa akaona miyendo ya mwana itapindika pamene yagunda mpando wakumbuyo. Komatu mwana amakhala chopinda miyendo ngakhale pamphasa, ndipo mwendo ukathyoka umalumikizika, pamene chingwe cha mumsana sichilumikizika. Kafukufuku wa boma la United States adaonetsa kuti pa makanda 100 osakwana chaka amene akadafa pangozi za galimoto zing'onozing'ono, 71 amapulumuka akakhala m'mipando yawo, ndipo kwa ana a chaka chimodzi mpaka zinayi opulumuka amakhala 54.

Munthu asaganize kuti kukhulupirira manja ndi kwa agogo akumudzi okha. Ku Tennessee, chimodzi mwa zigawo za United States, dokotala wa ana dzina lake Robert Sanders adalimbikira kwa zaka zingapo kuti pakhale lamulo lokakamiza makolo kumanga ana aang'ono m'mipando yawo. Lamulolo lidayamba kugwira ntchito m'chaka cha 1978, ndipo lidali loyamba la mtundu wake m'dzikomo. Koma aphungu a nyumba ya malamulo, amene nawonso adali makolo ndi agogo, adalowetsamo ndime yolola kuti mwana akhoza kuyenda atafungatidwa ndi wamkulu. Mitima yawo sidalole kuti boma lichotse khanda m'manja mwa mayi wake. Padapita zaka zina zitatu kuti ndimeyo ichotsedwe, m'chaka cha 1981. Pofika 1985 zigawo zonse za dzikolo zidali ndi malamulo otere.

Mwana akakula nkusiya mpando wa chigoba, nkhani sithera pomwepo. Lamba wa m'galimoto, uja wodutsa paphewa ndi m'chiuno, adapangidwa ndi Nils Bohlin, injiniya wa kampani ya Volvo, m'chaka cha 1959, ndipo kampaniyo idalola opanga galimoto ena onse kutengera luso limeneli kwaulere. Lambayu wapulumutsa anthu osawerengeka, koma adayezedwa pa thupi la munthu wamkulu. Amayenera kugona pa mafupa olimba a paphewa, pachifuwa ndi m'chiuno. Pa mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi lamba wapaphewa amadutsa pakhosi, ndipo wam'chiuno amakwera pamimba chifukwa mafupa a m'chiuno sadatuluke mokwanira kuti amukole. Pangozi lambayo amalowa m'mimba navulaza matumbo ndi msana. Mwana amene lamba akumukhula pakhosi amamuponya kumbuyo kapena kumupisa kukhwapa, zimene zimangowonjezera vuto. Mankhwala ake ndi kampando kokweza mwana, kamene Volvo yomweyo idatulutsa m'chaka cha 1978. Kampandoka kalibe malamba akeake. Kamangomukweza mwanayo kuti lamba wa galimoto adutse pamene ayenera kudutsa. Ku Britain, kuyambira m'chaka cha 2006, lamulo limati mwana azikhala pa mpando woyenera msinkhu wake kufikira atakwanitsa zaka 12 kapena kutalika masentimita 135. Ku South Africa, kumene Amalawi ambiri amagwira ntchito ndi kulerera ana awo, lamulo la 2015 limafuna kuti mwana aliyense wosakwana zaka zitatu amangidwe mumpando wake.

Kukhala ndi mpando nkwina, kuumanga bwino nkwinanso. Mpando umene wangoikidwa pamwamba pa mpando unzake uli ngati mbereko yopanda mfundo. Uyenera kumangiriridwa ndi lamba wa galimoto, kapena kukoledwa ku tizitsulo totchedwa ISOFIX timene timabisala m'mpindiro wa mpando wakumbuyo wa galimoto zambiri, ndipo munthu akaugwedeza ndi dzanja usasunthe kuposa mulifupi mwa zala ziwiri. Malamba a mwana akokedwe mpaka zala zitalephera kutsina lamba paphewa. Apa mpamene miyezi ya Juni ndi Julayi imapusitsa makolo ambiri. Khanda limakulungidwa m'majuzi ndi m'mabulangete, malamba nkudutsa pamwamba pa zonsezo. Pangozi zofundazo zimaphwa ngati thonje, malamba nkukhwefuka, mwana nkupulumukira pakati pake. Njira yake ndi kuyamba kumanga mwana ali ndi zovala zopepuka, bulangete nkubwera pamwamba. Chinanso, galimoto zamakono zili ndi thumba la mpweya lotchedwa airbag, limene limafufuma mwadzidzidzi kutsogolo kwa wokwera pa nthawi ya ngozi. Thumbali limapulumutsa wamkulu, koma likamenya kumsana kwa mpando wofulatira likhoza kupha khanda ngakhale pangozi yaing'ono. Malo a ana ndi kumbuyo.

Chovuta kuposa zonsezi, monga lidaonera banja la ku Lilongwe lija, ndi kulira kwa mwana. Kulira kwa khanda kudapangidwa kuti kuzisowetsa mtendere aliyense wokumva, ndipo mayi amene akumva mwana wake akulira pafupi naye, iye osamunyamula, amadziona ngati wankhanza. Mwana wokulirapo naye amalirira kukhala kutsogolo ndi bambo ake. Akuluakulu adati mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere imufotere yekha. Mwambiwu ndi wabwino pamene mtengo wa phunzirolo uli nyanga yofota, koma pamsewu mwana sakhalapo kuti aphunzire. Khanda likalira chifukwa cha njala kapena thewera, galimoto iime pamalo abwino, mayi ayamwitse, amusinthe, kenaka amubwezere m'malamba ake ulendo nkupitirira. Ana amene adayamba kukhala mumpando pa ulendo wawo woyamba wochokera kuchipatala amauzolowera msanga, monga azolowerera mbereko.

Wina akhoza kunena kuti nkhani yonseyi ndi ya anthu opeza bwino, ndipo sangakhale atanama kwenikweni. Ana ambiri a ku Malawi sakwera galimoto ya makolo awo. Amayenda pansi m'mphepete mwa msewu, pakabaza, m'minibasi yodzaza ndi kumbuyo kwa matola, kumene kulibe ngakhale lamba wa wamkulu. Lipoti la bungwe la World Health Organization la m'chaka cha 2023 lidati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi za pamsewu chaka chilichonse, kuti ngozizi ndizo zimapha kwambiri ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29, ndiponso kuti poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu, Africa ndiyo ili patsogolo pa imfa zimenezi. Mpando wa mwana sungathetse zonsezi. Mayi wa m'minibasi chimene angathe ndi kupewa mpando wakutsogolo pafupi ndi dalaivala, uja anthu amaulimbirana, ndi kukana kukweza ana kumbuyo kwa galimoto yapululu ngati pali njira ina yoyendera.

Komabe galimoto za anthu wamba zachuluka ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba, ndipo m'mawa uliwonse zimaoneka zikulowera kusukulu za mkaka, ana ataimirira pakati pa mipando iwiri yakutsogolo, ena atatulutsa mitu pawindo, ena ali pamiyendo ya bambo amene akuyendetsa, timanja tili pachiwongolero. Kwa makolo amenewa umphawi si chifukwa. Munthu amene wakwanitsa kugula galimoto, kuithira mafuta sabata ndi sabata ndi kuiika zokuzira mawu zogwedeza mudzi wonse sangalephere mpando wa mwana. Ambiri amati ulendo wake ndi waufupi, wongofika apa, kuiwala kuti liwiro la m'tauni lija ndi mtengo wa mamita 10.

Mipando yatsopano ndi yokwera mtengo, choncho ambiri amagula ya pakaunjika kapena kulandira kwa abale amene ana awo akula. Palibe cholakwa pamenepo, malinga wogula atsegule maso. Mpando umene udakhalapo pangozi yaikulu suyenera kugwiranso ntchito, pakuti umatha kukhala ndi ming'alu yosaoneka. Pulasitiki imafooka ndi dzuwa ndi zaka, nchifukwa chake opanga ambiri amadinda kunsi kwa mpando tsiku limene udapangidwa. Malamba asakhale othothoka ulusi, ndipo chitsulo chomangira chizimveka kulira pokola ndi kusamasuka chikakokedwa. Pambali pa mpando pamakhala pepala lomata pamene padalembedwa kulemera kapena kutalika kwa mwana woyenera kukhalamo. Mayi wopita kukagula atenge kabuku ka kusikelo, mmene adalembamo makilogalamu a mwana wake mwezi watha.